Chiwongolero Chikayamba Kunjenjemera

Aliyense wokhala ku Kaning'ina amaudziwa msewu wotsikira ku Nkhata Bay. Kutalika kwake sikufika makilomita 50, komatu pa mtunda waufupi chotere galimoto imatsika mamita oposa 700 kuchokera pamwamba pa Mzuzu kufikira m'mbali mwa nyanja, ndipo imatsika ikukhotakhota. M'mawa mapikapu amalowera kunyanja, madzulo nkumabwerako atasenza nthochi, chinangwa ndi usipa, anthu atakhala pamwamba pa katundu. Ena mwa anthu amenewa ndi ana athu a sukulu.

Tsiku lina ndinakwera imodzi mwa matola amenewa, ndipo pondilemekeza anandikhazika kutsogolo. Titangolowa pamalo owongoka, chiwongolero chinayamba kunjenjemera mwakuti manja a dalaivala ankaoneka ngati a munthu wodwala malungo. Nditafunsa, iye anaseka nati, "Musaope aphunzitsi, ndi khalidwe lake. Ikapitirira 100 imasiya yokha." Atatero anawonjezera moto, ndipo zoonadi inasiya.

Yankho limenelo ndilo latichititsa kulemba nkhani ino. Dalaivalayo sananame. Anali ataona chinthu chenicheni: kunjenjemerako kuli ndi liwiro lake lomwe kumayambira ndiponso lomwe kumathera. Iye anali atagwira kale theka la ntchito ya makaniko, koma osadziwa. Chimene chinamusowa ndi funso lotsatira, lakuti chifukwa chake nchiyani.

Amati tsoka silinunkha. Ife tikuti tsoka la mtundu uwu limanunkha ndithu, pakuti galimoto isanataye tayala kapena kukana kukhota imayamba yachenjeza kwa masabata angapo. Ndipo chenjezo lake silikhala limodzimodzi nthawi zonse. Mwini galimoto asanatulutse ndalama yogulira sipeya, ayambe wayankha mafunso awiri: kodi imanjenjemera nthawi yanji, nanga kunjenjemerako akukumva pati?

Ngati chiwongolero chimayamba kugwedezeka pa liwiro la makilomita 80 kufikira 100 pa ola, msewu uli wosalala, kawirikawiri mlandu uli pa tayala lakutsogolo lomwe lalemera mbali imodzi. Apa anzathu ophunzitsa sayansi ali ndi phunziro labwino koposa la m'buku. Tayala la pikapu likazungulira kamodzi limayenda mamita awiri ndi pang'ono. Tsono pa liwiro la 90 limazungulira pafupifupi ka 11 pa sekondi imodzi. Matope olemera magalamu 100 okha, atauma mkati mwa rimu, pa liwiro limenelo amakoka ngati mwala wa makilogalamu 10, ndipo amakokera uku ndi uku ka 11 pa sekondi iliyonse. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Kunjenjemerako kumamveka kwambiri pamene kuzungulira kwa tayala kwagwirizana ndi mmene masipuling'i a galimotoyo amanjanjira, nchifukwa chake kumachepa munthu akapitirira liwirolo. Koma mphamvu yokokayo sinathe ayi, yakula, ndipo ikudya mabelingi ndi majointi mwakachetechete. Mzuzu ndi mzinda wa mvula ndi matope ofiira. Galimoto zambiri zimene zimapita ku galaja chifukwa cha vutoli zikanachira ndi ndowa ya madzi ndi kamtengo kokolokosolera. Ngati kutsuka sikuthandiza, mwina tizitsulo tolinganiza kulemera tomwe amamata pa rimu tinagwa, ndipo matayalawo ayenera kukaikidwa pa makina obalansira.

Kugwedezeka komwe kumamveka galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, chiwongolero chikupita kumanja ndi kumanzere ngati munthu wotsimphina, nkwina. Kumeneko ndiye rimu yapindika pa dzenje, kapena tayala latupa chifukwa mawaya a mkati mwake alekana. Izi zimachuluka ndi matayala a kaunjika. Ambiri amaona mano a tayala okha, osaona msinkhu wake, chonsecho unalembedwa m'mbali mwake. Kuyambira chaka cha 2000 opanga matayala amadinda manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Tayala lolembedwa 2314 linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2014, ngakhale wogulitsa atalipaka polishi motani.

Ngati imanjenjemera pokhapokha dalaivala waponda mabuleki, ayang'ane madisiki. Amakhala atadyeka mosalingana, ndipo chimene chimawawononga msanga ndi kutentha. Munthu wotsika phiri lonse phazi lili pa buleki, kapena woipitsitsa uja amene amachotsa giya kuti apulumutse mafuta, akuwotcha madisiki ake yekha. Pa chitsikirero galimoto yolemera imagwidwa ndi giya yaing'ono. Kunjenjemera komveka pa mpando osati m'manja nkwa matayala akumbuyo kapena propshaft, ndipo kumeneku tikusiya kaye.

Choopsa kuposa zonsezi ndi chija chimadza galimoto ikangomenya dzenje kapena bampu: mutu wonse umagwedezeka mwaukali, osasiya kufikira dalaivala atachepetsa liwiro kwambiri. Chimakonda galimoto zimene matayala ake awiri akutsogolo ali pa chitsulo chimodzi chopingasa, monga mapikapu a Land Cruiser ndi ma Hilux akale okoka ndi matayala onse anayi. Ku America anachitcha death wobble, ndipo dzina lokhalo likukwanira. Gwero lake ndi majointi ndi mabushi amene atha, kotero kuti tayala lapeza mpata woseweramo. Chikakugwerani gwirani chiwongolero zolimba, chotsani phazi pa moto, ndipo musaponde buleki modzidzimutsa. Galimoto yotere siyoyenera kunyamula munthu kufikira itakonzedwa.

Kupeza malo olobodoka sikulira makina. Choyamba yesani manati a tayala ndi sipanala, pakuti kuteroko nkwaulere ndipo manati omasuka ataya miyoyo. Kenaka kwezani tayala ndi jeke, galimoto itatsekeredwa bwino, muligwire pamwamba ndi pansi nkuligwedeza. Likamasewera, ndiye belingi kapena ball joint. Muligwirenso kumanja ndi kumanzere. Likaseweranso, ndiye tie rod end. Wina asalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha. Ngati mukukayikirabe tayala, sinthanitsani lakutsogolo ndi lakumbuyo nkuyendanso pa msewu womwewo ndi liwiro lomwelo. Kunjenjemera kukachoka m'manja nkupita pa mpando, wakubayo mwamugwira.

Taonani kuti njira imeneyi ndi yomwe ija timaphunzitsa m'kalasi: yang'ana, ganiza, sintha chinthu chimodzi chokha, yesanso. Chodandaulitsa nchakuti m'magalaja ena njirayi kulibe. Mwini galimoto amauzidwa kuti agule mashoko. Akagula, vuto lili pomwepo. Amutumanso ma ball joint, kenaka matayala, mpaka ndalama zatha. Potsiriza amagwa mphwayi nayamba kunena kuti ndi khalidwe la galimoto. Sitikunyoza amakaniko athu a pansi pa mtengo, pakuti ambiri ali ndi makutu akuthwa ndi manja aluso, ndipo popanda iwo mzinda uno ukanaima. Koma kulota sipeya si kuyeza, ndipo wolipira maloto amenewo ndi mwini galimoto pamodzi ndi okwera.

Ngakhale chiphaso cha COF chisatipusitse. Chimachitira umboni za tsiku limene galimoto inayesedwa, pomwe tie rod end ikhoza kutha m'nyengo imodzi ya dzinja.

Inu amene mwangolemba mayeso a Folomu 4, ena mwa inu mulowa ku Mzuzu Technical College kukaphunzira za galimoto, ena mukhala pa galaja ya amalume anu, enanso muyamba ukondakitala. Musasiye sayansi yanu pa chipata cha sukulu. Mwini galimoto akabwera nati ikunjenjemera, musathamangire sipanala. Mufunseni kuti imayamba pa liwiro lanji, itasenza kapena yopanda kanthu, ataponda buleki kapena ayi. Ndipo ife aphunzitsi, pophunzitsa za mphamvu ya chinthu chozungulira, tisamangozunguza mwala pa chingwe. Tibwereke tayala la njinga, timangirire nati pa sipoko imodzi, tilizunguze ana ataligwira m'manja, kuti adzimvere okha chimene dalaivala uja ankamva.