Tisawapinditse manja agogo athu oiwala-iwala

M'nyumba zambiri za ku Chitawira, Nkolokosa ndi Zingwangwa muli chipinda chimene alendo salowamo. M'menemo ndimo mukhala agogo amene anatengedwa kumudzi, kapena bambo amene anapuma pa ntchito ku David Whitehead kaya ku njanji ku Limbe, amene tsopano sadziwanso kuti lero ndi lachingati, ndipo mdzukulu amamuitana ndi dzina la mlongo wawo amene anatisiya kale-kale. M'mawa ana awo amawasambitsa, kuwapatsa phala, kuwatsegulira wailesi, kenaka n'kukhoma chitseko ndi kuthamangira minibasi. Anawo sindikuwadzudzula ai, pakuti kusunga kholo m'tauni muno si chinthu chapafupi. Koma funso limene ndifuna tifunsane, abale anga, ndi ili: kuyambira 7 koloko m'mawa kufikira 5 koloko madzulo, kodi agogowo amachita chiyani?

Choyamba tidziwe kuti kuiwala kotere ndi matenda. Madokotala amawatcha dementia, ndipo mtundu wake wofala kwambiri unatenga dzina la Alois Alzheimer, dokotala wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1906. Mtundu wina umadza mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikaonongeka chifukwa cha BP kapena sitiroko, matenda amene sasowa m'makomo mwathu. Bungwe la zaumoyo la WHO likuti odwala matendawa apitirira 55 miliyoni pa dziko lonse, ndipo ochuluka mwa iwo sali ku Ulaya koma m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Bungwe la Alzheimer's Disease International linawerengera kuti mu 2015 kunali odwala oposa 2 miliyoni mu Africa muno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ndi kuti pofika 2050 adzapitirira 7 miliyoni. Tsono amene akuyesa kuti awa ndi matenda a azungu adzionere yekha.

Chifukwa chimene ana amakhomera chitseko tonse tikuchidziwa. Nkhalamba yodwala matendawa ikatuluka m'bandakucha imasokera, ipezeka pa mphambano itavula, yosatha kunena kumene yachokera, ndipo khamu likasonkhana mawu oyamba kumveka ndi akuti mfiti yagwa pa ndege. Kumene mawu otere amafikitsa tinakuona ku Neno mu January 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma m'mawa wotere lamulo limafika mochedwa. Mantha a anawo ndi omveka. Cholakwika ndi mankhwala amene asankha, pakuti munthu wotsekeredwa wopanda chochita ndiye amene amalimbana ndi chitseko, kukwiya dzuwa likamalowa, ndi kugona usana kuti usiku ayende-yende.

Matendawa saba zonse nthawi imodzi. Amayamba ndi za dzulo ndi za lero m'mawa, koma za ubwana ndi za unyamata zimatsalira nthawi yaitali, ndipo zimene manja anazolowera zimatsalira koposa. Mayi amene saikumbukiranso nsima imene adya kumene angathe kupeta ndi lichero osataya njere, kusankha nyemba, kutong'ola chimanga, kusadzula nkhwani, kupinda zovala. Bambo amene aiwala dzina la mwana wawo akhoza kukudyerani nkhomo pa bawo inu muli kukamwa yasa. Nyimbo ndiye zimakanirira zedi: amene wakhala chete sabata yathunthu amatha kutsatira nyimbo ya Mvano kapena ya kwaya mpaka ndime yomaliza, ndipo mukamuikira Daniel Kachamba kapena Allan Namoko phazi limayamba kugunda pansi lokha.

Nanga ife timatani? Agogo akagwira tsache timawalanda, ati pumulani agogo mwagwira kale ntchito. Timayesa ulemu, chonsecho tawalanda chinthu chotsiriza chimene chimawauza kuti akadali munthu wofunika pakhomo. Ngakhale asese pamene pasesedwa kale, alekeni asese. Ngakhale nyemba zimene asankha muzisankhenso iwo atagona, palibe chimene mwataya. Ndiponso tileke khalidwe lija lowayesa mayeso pamaso pa alendo, lowafunsa kuti ine ndine yani, tanditchulani dzina. Amene akufunsayo amaseka, koma wofunsidwayo amachita manyazi ndipo mawa salankhulanso. Afunseni za ulendo wa ku Joni pa nthawi ya Wenela, za mtengo wa buledi pamene ankakwatira, za gule wa kwawo, muone ngati nkhani idzatha msanga.

Izi sindikuzipeka m'mutu mwanga. Ku University College London akatswiri otsogozedwa ndi Aimee Spector anakonza ndondomeko yotchedwa Cognitive Stimulation Therapy, imene ilibe jekeseni kapena piritsi: kagulu kochepa ka odwala kamakumana kawiri pa sabata kwa milungu 7, kuimba, kucheza za zakudya ndi za kale, kusewera ndi mawu ndi manambala. Kafukufuku wawo wa mu 2003 anaonetsa kuti kaganizidwe ndi umoyo wa odwalawo zinakhalako bwino. Anansi athu a ku Tanzania anaitenga ndondomekoyi, kuisintha kuti igwirizane ndi chikhalidwe chawo, ndi kuiyesa m'boma la Hai m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro. Ku Netherlands anachita kumanga mudzi wathunthu wa odwala otere, wotchedwa De Hogeweyk, umene unatsegulidwa mu 2009, wokhala ndi golosale ndi tinjira take kuti munthu aziyenda ndi kugula monga kale. Ndalama zomangira mudzi wotere ife tilibe, koma chimene iwo anagula ndi ndalama zambiri ndi moyo umene khonde lililonse la kumudzi kwathu limapereka ulere.

Alipo ena amene amati nyumba zosungiramo okalamba si mwambo wathu, ndipo pamenepo nkhani amaitseka. Ine ndikuti kukhomera kholo m'chipinda tsiku lonse si mwambo wathunso. Nyumba zotere n'zochepa m'dziko muno, koma zidzachuluka, popeza ana ali ku Johannesburg ndi ku Ulaya ndipo m'nyumba ya zipinda ziwiri mulibe wotsala masana. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, ndipo mabungwe monga MANEPO akhala akulankhulira okalamba kwa zaka zambiri. Pempho langa kwa onse oyendera malo osungirako okalamba n'lakuti asamangowerenga mabulangete ndi matumba a ufa. Afunsenso ngati pali kadimba, ngati pali bawo, ngati okhalamo amaloledwa kukhitchini, ndi ngati wosamalira akudziwa ntchito imene aliyense ankagwira ali ndi mphamvu. Mphunzitsi wopuma sangakondwere ndi zimene akondwera nazo mmisiri wa matabwa.

Kwathu kuno tingayambe ndi zimene tili nazo. Maholo a mipingo ya ku Chitawira ndi ku Naperi amakhala otseka pakati pa sabata. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Dorika, pamodzi ndi aphunzitsi ndi anamwino opuma amene adzaza dera lino, angathe kumalandira agogo otere m'mawa wa Lachiwiri ndi Lachinayi, magulu a anthu asanu kapena asanu ndi atatu, kuti amene amawasamalira apezeko mpata wopita ku msika wa Kamba mtima uli m'malo. Makhansala ndi mafumu a m'madera adziwitse anthu a m'misika ndi oyendetsa kabaza kuti nkhalamba yosokera aiperekeze ku polisi kapena kwa amfumu, osati kuizinga ndi miyala. Ndipo banja limene laona kholo layamba kuiwala lipite nalo ku chipatala cha Queen Elizabeth, chimene kwa ife a ku Chitawira ndi ulendo wapansi, chifukwa kusokonezeka kwina kumadza ndi matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa vitamini B12 kapena kukhumudwa, ndipo izi zimachizika.