Kalata yofunsira malo a LLM

Sabata yathayi, dzuwa litapendeka, anandipeza pakhonde mwana wa mlongo wanga, amene anatsiriza maphunziro a zamalamulo ku Chancellor College ku Zomba zaka zitatu zapitazo, ndipo tsopano amaimira anthu pa milandu ku Lilongwe. Atagwada ndi kupereka moni monga mwa mwambo, anatulutsa mapepala awiri nati, "Malume, mundiwerengereko kalatayi, pakuti ndifuna kukachita digiri yachiwiri ya zamalamulo, ija amati LLM."

Mtima wanga unakondwera, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo njirayi analambula kale akuluakulu onga Orton Chirwa, amene anawoloka nyanja nakalandiridwa monga loya ku Lincoln's Inn mu mzinda wa London m'chaka cha 1958. Koma nditawerenga kalatayo ndinagwidwa ndi chisoni, chifukwa ngakhale inalembedwa m'Chingerezi chosalala, yodzala ndi mawu otamanda sukulu imene ankafunsirako malo, mwini wakeyo sanaonekemo konse, ndipo loya wina aliyense wa ku Accra kapena Nairobi akanatha kusainapo dzina lake osasintha liwu.

Ndinamufunsa kuti, "Kodi pa zaka zitatu zimenezi, ndi mlandu uti umene unakusowetsa tulo?" Anakhala chete kanthawi, kenaka anasimba za mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake anamulanda nyumba ndi chigayo maliro asanathe n'komwe, ngakhale kuti lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limaletsa kulanda kotere, ndipo anasimbanso mmene mayiyo anayendera kuchoka kwa amfumu kupita ku khoti, ndalama za basi zikutha, kufikira anataya mtima nangobwerera kwawo chimanjamanja. Polankhula, mawu ake ananjenjemera. Ndinamuuza kuti kalata yake yeniyeni ndi imeneyo, pakuti aphunzitsi amene amasankha ophunzira, atazingidwa ndi milu ya makalata a anthu okhoza bwino onse, amafunafuna munthu wonyamula funso limene lamuvutitsa, monga ili lakuti lamulo lolembedwa bwino lilekeranji kufika pa khomo la wamasiye.

Zinazo tinakambirana mwachidule. Thandizo la Chevening la boma la Britain limafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndi lonjezo lakuti akatsiriza adzabwerera kwawo kukakhala zaka ziwiri. Ku University of Pretoria kuli maphunziro a chaka chimodzi a zaufulu wa anthu ndi demokalase mu Africa, amene anayamba m'chaka cha 2000, ndipo amenewa ndinaona kuti ndiwo oyenera funso lake. Ndinamuchenjezanso kuti apemphe msanga makalata a umboni kwa aphunzitsi amene amamudziwadi, awatumizire ndi zimene walemba, pakuti umboni wopemphedwa mawa lake likhale tsiku lotseka umatuluka wozizira ngati nsima yogona.

Iye sanandiyankhe zambiri. Anatembenuza pepala lija, napempha cholembera, ndipo pamene mayi ake aang'ono ankayatsa nyali m'nyumba, anali atalemba kale mizere isanu, woyamba wake wonena za chigayo cha mayi uja.