Njinga ilowe ku Lengwe ndi ku Mwabvi

Kumpoto, pa phiri la Nyika, alendo amalipira ndalama kuti apalase njinga za magiya pakati pa mbidzi ndi ntchefu. Ku Luwawa, m'nkhalango ya Viphya, kwakhala kukuchitika mpikisano wa njinga za m'mapiri umene umakoka anthu ochokera kunja. Kuno kuchigwa cha Shire, kumene mwana amaphunzira kupalasa asanafike n'komwe pa chishalo, nkhani imeneyi simveka. Tili ndi nkhalango zotetezedwa zitatu, Majete, Lengwe ndi Mwabvi, ndipo tili ndi opalasa amene sindikhulupirira kuti alipo owaposa m'dziko muno. Ine ndikufuna ziwirizi zikumane.

Taimani pa Thabwa m'mawa muone anyamata akukankha njinga zodzaza matumba kukwera chitunda cha ku Blantyre, malaya ali chonyowa, chifuwa chili pa mahandulo. Taonani wa kabaza pa Bangula akudutsa mumchenga wa mtsinje wouma, mayi ali pa kaliyala, mwana kumsana, dengu pamiyendo, iye osatsitsa phazi pansi. Njinga yake ilibe magiya. Tcheni chikaduka amalumikiza pomwepo ndi mwala ndi msomali. Luso limene ena amakaliphunzira ndi ndalama zambiri, anyamatawa amadyera tsiku ndi tsiku.

Majete ndiichotseretu pankhaniyi. Chiyambire 2003, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyi, zipembere zinabwerera, njovu zinafika mu 2006, mikango mu 2012. Munthu wa panjinga sangathawe mkango, ndipo njovu ya mwana ikakuona mwadzidzidzi siyamba yafunsa. Kumeneko galimoto ikhalebe galimoto.

Lengwe ndi ina. Malo ake ndi athyathyathya, misewu yake yafumbi imadutsa m'mitengo ya tsanya ndi m'zitsamba zowirira momwe mumabisala nyala, nyama imene inachititsa kuti derali litetezedwe mpaka kukhala paki mu 1970. Nyala ndi yamanyazi. Ikamva injini imalowa m'tchire, iwe n'kungoona mchira. Panjinga umamva zonse, njiri ikufukula, anyani akukangana m'mitengo, ngakhale fungo la ndowe ya njati yam'mawa womwewo. Njatizo ndiye vuto, ndipo sindikulichepetsa. Gulu lililonse liyenera kutsogozedwa ndi msilikali wa zanyama wa mfuti, njira zilambalale madamu amene nyama zimamwera, ndipo wopalasa yekha asaloledwe ngakhale atachonderera.

Koma mtima wanga uli ku Mwabvi, ku Nsanje, nkhalango yaing'ono kuposa zonse zosungirako nyama m'Malawi, ya makilomita pafupifupi 135 mbali zonse pamodzi. Kuli zitunda, miyala ikuluikulu yamchenga, ndi mtsinje umene unadula phompho m'thanthwe. Misewu yake imavutitsa galimoto, n'chifukwa chake alendo safikako kawirikawiri. Chimene chimabweza galimoto n'chimene wopalasa njinga ya m'mapiri amachifunafuna. Kulambula kanjira ka njinga sikufuna thirakitala kapena phula. Makasu, zikwanje ndi anthu a m'midzi yozungulira, olipidwa bwino, n'zokwanira.

Nyengo yake ndi kuyambira May mpaka August, ndipo ulendo uziyamba kum'bandakucha. Mu October dzuwa la kuno limapitirira madigiri 40, munthu akhoza kukomoka asanamalize botolo la madzi. Mvula ikagwa, dothi la makande limamatira ku matayala mpaka gudumu kukana kuzungulira. Ndiye pali minga. Wobwera ndi chubu chimodzi adzabwerera wapansi atasenza njinga yake, pokhapokha atayenda ndi mnyamata wa konkuno amene pampu, zigamba ndi guluu sizichoka m'thumba mwake.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Misampha yambiri imene asilikali a zanyama amazula m'tchire ndi ya waya, ndipo ina imapangidwa ndi waya wa mabuleki a njinga. Wotchera si mlendo wochokera kutali. Ndi mnansi wa paki amene chimanga chake chinapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023, amene amaona mpanda wa nkhalango koma saonapo kwacha yake. Mnyamata ameneyo akamalandira ndalama chifukwa choperekeza alendo kukaona nyala yamoyo, adzakhala woyamba kukwiya akapeza msampha panjira yake.

Choncho pempho langa ku Dipatimenti ya Mapaki ndi Zanyama ndi ili: mukadzatsegula njira zimenezi, ntchito yoperekeza, yokonza ndi yobwereketsa njinga musadzaipereke yonse kwa kampani ya ku Blantyre. Itanani magulu a kabaza a pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula, muwaphunzitse khalidwe la nyama ndi chithandizo choyamba, muwapatse zipewa zoteteza mutu. Ndipo pakhale tsiku limodzi pamwezi loti ana asukulu a m'midzi yozungulira alowe ndi njinga za makolo awo, zopanda magiya zomwezo, pa mtengo umene kholo logulitsa thonje lingakwanitse.