Tamverani a Kumudzi: Mwana wa ku Britain ndi Masiku 180

Inu makolo amene ana anu ali pa ntchito ya unamwino kapena yosamala okalamba ku Britain, musawayese onyoza mudzi akafika nabwerera msanga. Iwo akuwerenga masiku.

Munthu wofuna chilolezo chokhazikika m'dzikomo ayenera kuyamba wakhalamo zaka zingapo osadukiza. Kwa antchito otere zakazo zakhala 5, koma mu 2025 Boma la kumeneko linalengeza maganizo ozikweza. Ndiponso pa miyezi 12 iliyonse asakhale kunja kwa dzikolo masiku opitirira 180. Maulendo onse amaphatikizidwa: wa ukwati, wa Khirisimasi, wodzamanga nyumba. Akapyola, zaka zija zimafafanizika, nayambanso kuwerenga.

Mbale wapafupi akamwalira kapena akadwala mwakayakaya, Boma likhoza kumvetsa, koma limafuna umboni wolembedwa. Chifukwa chake sungani kalata ya dokotala ndi chikalata cha imfa, mumpatse mwanayo.

Angakhale atalandira chilolezocho, akakhala kunja zaka zoposa 2 osapondako, chimafa.

Tsono mwana akati, "Amayi, ndinyamuka Lolemba," musamgwire mwendo kuti aswere mwezi wina. Mkonzereni kamba, mumperekeze.