Akazi sanachedwe ndi mantha, anatsekeredwa khomo

Pali uthenga womwe ukuzungulira pa WhatsApp kuno ku Fíngoè, ndipo tawumvanso pamsika: akuti akazi analowa mochedwa pa ntchito youlutsa ndege chifukwa mkazi ndi wamantha chibadwire. Ena akufika ponena kuti atamva kuti woyendetsa ndi mkazi, bola atsike. Zimenezi tikuzikana.

Mkazi woyamba kulandira laisensi, Raymonde de Laroche wa ku France, anailandira pa 8 Malichi 1910, zisanathe zaka 7 chiulukireni ndege ya abale a Wright mu 1903. Ndiye kuchedwako kuli pati?

Chinachedwetsa akazi ndi anthu. Bessie Coleman, mwana wa olima thonje ku Texas, anakanidwa ndi sukulu za ndege za kwawo chifukwa anali mkazi, wakudanso. Anaphunzira Chifalansa, nawoloka nyanja, ndipo pa 15 Juni 1921 analandira laisensi ku France. Munthu wamantha sachita zotere. Helen Richey analembedwa ntchito ndi Central Airlines mu 1934, koma bungwe la oyendetsa ndege linamukana umembala, ndipo anamuletsa kuuluka nyengo ikaipa. Chaka chotsatira anasiya. Mumam'manga munthu miyendo, kenako n'kumati sathamanga!

Kwa anansi athu ku Malawi, Yolanda Kaunda ndi Lusekelo Mwenifumbo anaulutsa ndege ya Malawian Airlines kuchoka ku Blantyre kukatera ku Dar es Salaam mu Malichi 2017. Kwathu kuno ku Mozambique, mu Disembala 2018, kaputeni Admira António ndi Elsa Balate anatenga anthu ku Maputo kukawatsitsa ku Chimoio, ogwira ntchito onse m'ndegemo ali akazi.

Koma khomo limayamba kutsekedwa kusukulu. Mwezi womwewo ndi pamene boma linachotsa lamulo la mu 2003 lomwe linkatumiza mtsikana woyembekezera ku makalasi ausiku. Lamulo lotere linakhala zaka 15! Ganizirani mtsikana wa kumudzi kuno ku Marávia, wouzidwa kuti aziyenda mumdima ali ndi pakati, kope kumanja. Ndi angati akanapirira? Lamulo loletsa ukwati wa ana osafika zaka 18 labwera mu 2019, dzulodzulo lomweli.

Inu amene mukutumizirana uthengawu, musanautumizenso, kawerengeni atsikana amene anayamba kalasi yoyamba ndi mwana wanu wamwamuna, muone kuti atsala angati m'kalasi mwake lero, ndipo mufunse amene anawatulutsa.