Damu limodzi, mabuku asanu

Marondera ali pamsana pa dziko la Zimbabwe. Mvula yogwa m'minda ya kumeneko imagawika patatu: ina imatsikira mu Manyame, amene amakathira mu Zambezi ku Cahora Bassa, ina mu Mazowe, amene amakakumana ndi Luenha m'chigawo cha Tete, ndipo yotsala imalowera ku Save. Choncho mankhwala amene mlimi wa fodya apopera lero, mawa angasanduke nkhani ya mlangizi wa ku Changara.

Tsono taganizirani damu limodzi pa famu imodzi. Chiyambire lamulo la madzi la 1998, chilolezo chotungira madzi chimachokera ku khonsolo ya mtsinjewo, mothandizidwa ndi ZINWA. Chilolezo chotayira madzi oipa chili ndi EMA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2002. Mankhwala opopera amalembetsedwa ku nthambi ya kafukufuku ya unduna wa zamalimidwe. Dzina la mlimi wa fodya lili ku TIMB, pamene mitengo yowotchera fodyayo m'mabalani ndi ya Forestry Commission. Mabuku asanu, lililonse pakhomo pake. Koma wopondadi m'mundamo ndi mlangizi wa Agritex, ndipo ndiye amene mlimi amamfunsa nsomba zikafa kapena mbande zikapserera pa nazale.

Ambiri amati mankhwala ake ndi makompyuta. Ine sindikana, koma kompyuta siingalumikize mabuku amene amatchula malo amodzi ndi mayina osiyana. Kugawa minda kumene kunayamba mu 2000 kunaphwanya mafamu akuluakulu kukhala minda ya A1 ndi A2, kotero kuti damu limene mwini mmodzi anakumba likumwetsa mabanja ambiri. Buku lina likasunga dzina lakale la famu, lina nambala ya puloti, lina dzina la mlimi, palibe angawerenge kuti madzi otungidwa ndi angati, kapena kuti dothi lokokoloka likuchokera m'munda uti. Choyamba, tsono, damu lililonse ndi munda uliwonse zikhale ndi nambala imodzi pa mapu amodzi, yovomerezedwa ndi maofesi onse. Imeneyi ndi ntchito yosasangalatsa, yopanda mwambo wotsegulira, n'chifukwa chake imachedwa.

Pali nkhawa imodzi imene sindingaipepuse. Lamulo limaletsa kulima pamtunda wosakwana mamita 30 kuchokera m'mbali mwa mtsinje. Mlimi akadziwa kuti zimene wauza mlangizi za dimba lake zikafika kwa olipiritsa chindapusa, adzatseka pakamwa, ndipo ulangizi wathera pomwepo. Ndiye ndikuti uthenga uyende motere: zilolezo, zotsatira za kupima madzi ndi mndandanda wa mankhwala ololedwa zitsikire kwa mlangizi zonse, koma zokwera kuchokera kwa iye zikhale za dera lonse, osati za munthu ndi dzina lake.

Mayiko a mu ZAMCOM, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, anavomereza mu 2016 ndondomeko yogawana chidziwitso cha madzi a Zambezi. Koma dziko limatumiza kwa anzake zokhazo zimene maofesi ake agwirizana okhaokha. Anzanga a ku Lilongwe ndi ku Chipata, funsani ngati MEPA kapena ZEMA amatchula damu la m'dera lanu ndi dzina lomwe lili m'buku lanu.