Mowa wowawa wa ku Joni ndaukana, ndipo sindipepesa

Akonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene ena aiona ngati yachibwana, koma ine yakhala ikundisowetsa tulo chichokereni pa Khirisimasi. Ndikudziwa kuti tsamba lino amawerenganso abusa, ansembe ndi akulu a mpingo, ndipo ena akangoona mawu akuti mowa atembenuza pepala. Ndikuwapempha apirire nane, chifukwa mbali ina ya kalatayi ndi yawo.

Ine ndine mphunzitsi wopuma. Ndinagwira choko zaka zoposa 35, zambiri mwa izo ndili mphunzitsi wamkulu pa masukulu a m'midzi yozungulira minda ya tiyi kuno ku Thyolo. Ana amene ndinawaphunzitsa angachitire umboni kuti sindinalowepo m'kalasi ndikununkha mowa. Koma sindinganame kuti sindilawa. Chipanda chimodzi cha masese Loweruka madzulo, khasu litaikidwa pakhonde, sindichikana.

Mwezi wa Disembala tinali ndi chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga, ndipo ine monga mwinimbumba ndinali pampando wa kutsogolo. Mlongo wangayo anafulula mowa mbiya zitatu ndi thobwa mbiya ziwiri, kuti omwa ndi osamwa onse apite kwawo atanyowetsa kukhosi. Mchimwene wake wa mkwatibwi, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anabwera ndi katoni ya mowa wa m'mabotolo umene m'mudzi muno sitinauonepo. Anati dzina lake ndi IPA, ndipo kuti ku Joni ndi ku Cape Town ndi umene anthu ozindikira akuukonda. Ananditsegulira botolo limodzi atanjuta mwaulemu ndithu, nati, "Amalume, lero mulawe mowa weniweni."

Fungo lake silinali loipa. Linali ngati makoko a manyumwa atasakanikirana ndi utomoni wa mtengo wa paini. Koma nditangomwa kamodzi, Akonzi, ndinakumbukira kolokwini amene tinkamwa kale malungo akatigwira, makamaka akakanirira pakhosi nkuyamba kusungunuka. Ndinameza pokhapokha chifukwa akuchimuna anali pomwepo, ndipo munthu wamkulu sulavula pamaso pa alendo. Kuwawako kunakhalira pa lilime mpaka nsima ya nkhuku ndinaidya ngati ya munthu wodwala. Ndinamubwezera botolo lake ndi mawu akuti, "Mphwanga, zikomo, koma uwu ine ayi."

Zikadathera pamenepo bwenzi sindikukuvutitsani ndi kalata. Koma mnyamatayo anaseka, nati lilime langa linazolowera phala. Kenaka analoza mbiya za mayi ake nkunena mokweza kuti limenelo ndi phala lovunda la anthu osayenda. Anzake awiri amene anabwera nawo anasekera limodzi. Mayi ake anali chapafupi ndi chikho m'manja akutungira alendo. Sanayankhe kanthu. Anapatsira chikhocho mdzukulu, nalowera kuseri kwa khitchini, ndipo sanatulukenso mpaka nthawi yopereka mphatso.

Uphunzitsi suthera pa penshoni, choncho ndinafufuza kuti chimawawa m'botolomo nchiyani. Ndi duwa la chomera choyanga chotchedwa hops, chimene ofulula mowa a ku Ulaya amaponya m'madzi a chimera cha barele akamawira. Chomerachi chimafuna maiko amene dzuwa limachedwa kwambiri kulowa nyengo yotentha, monga ku Hallertau m'dziko la Germany ndi ku Yakima ku America, ndipo ku South Africa amachilima chakufupi ndi tauni ya George. Kwathu kuno usana ndi usiku sizisiyana kwenikweni chaka chonse, nchifukwa chake simuchiona m'minda yathu. Ntchito yake ndi ziwiri: kupha kutsekemera kwa chimera, ndi kuteteza mowa kuti usaonongeke msanga. Azungu anachilemekeza kalekale, moti ku Bavaria lamulo la chaka cha 1516 linati mowa uzipangidwa ndi madzi, barele ndi hops basi.

Zilembo zitatu zija zikuimira India Pale Ale. Dzinali linabwera chifukwa Angerezi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ankatumiza mowa kwa anzawo amene ankalamulira ku India. Ngalande ya Suez inali isanakumbidwe, popeza inatsegulidwa mu 1869, kotero sitima zinkazungulira kumunsi kwa Africa miyezi ingapo, ndipo mowa wothiridwa hops wambiri ndi umene unkafika uli bwino. Kuyambira zaka za m'ma 1970 timakampani ting'onoting'ono ta ku America tinautsitsimutsa, nkuonjezera hops kuposa kale, ndipo fashoniyo inafalikira mpaka inapeza mphwanga ku Joni. Tsono taonani: kuwawa kumene iye akukutcha chizindikiro cha kuzindikira, kunatchuka ngati mankhwala a ulendo wa panyanja. Mowa wa mlongo wanga ulendo wake ndi wochokera kukhitchini kufika pansi pa mtengo wa mango. Ungafunirenji mankhwala a ulendo?

Sindikunena kuti okonda mowa wowawa akunama kapena akudzikakamiza onse. Malilime athu ndi osiyana chibadwire. M'chaka cha 1931 katswiri wina wa mankhwala ku America, Arthur Fox, anali kuthira ufa wina m'botolo ndipo wina unauluka. Mnzake amene anali pafupi anadandaula kuti ukuwawa koopsa, pamene Fox mwini wake sanamve kalikonse. Atayesa anthu ambiri anapeza kuti ena amaumva kuwawa ndipo ena ayi, ndiponso kuti zimenezi zimayenda m'magazi kuchokera kwa makolo. Ife sitifunika kupita ku America kuti tidziwe zimenezi. M'nyumba mwanga momwe, mayi a ana amakonda luni, ine ndimadya mokakamiza. Ine ndimakonda kalongonda, mpongozi wathu wochokera kumpoto amangomuyang'ana. Tiyi amene watizungulirayu, wina amamwa wakuda bii wopanda shuga, wina amathira masipuni anayi. Kodi alipo anatchedwapo mbuli chifukwa cha masipuni a shuga?

Pano ndiulule tchimo langa, kuti ndisaoneke ngati woyera. Kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale yake mu Blantyre m'chaka cha 1968, ndipo inali yoyamba kumangidwa kunja kwa dziko la Denmark. Ine ndinali mwana wa sukulu. Ndimakumbukira bambo anga ndi anzawo a ku esiteti atalawa Green koyamba, anati ndi madzi owawa opanda chakudya, chifukwa kwa iwo mowa unali woti ukamwa m'mimba muzimveka kuti mwalowa kanthu. Nayenso Green ali ndi hops, kungoti wochepa poyerekeza ndi uyu wa mphwanga. Koma pofika nthawi imene ndinayamba kulandira malipiro a boma, botolo lobiriwira linali litasanduka yunifolomu ya munthu wa pantchito. Pakutha pa mwezi ife aphunzitsi, makalaliki a ku esiteti ndi alangizi a zaulimi tinkakhala pa bawa ku Luchenza kapena ku Bvumbwe, botolo lili patebulo poonekera kuti odutsa adziwe kuti ndife ena. Kunena zoona sindinkaumva kukoma. Ndinkamwa kuti ndioneke. Tsiku lina bambo anga anandipatsa chipanda, ine nkukana ndi mawu akuti zimenezo ndinasiya. Anangondiyang'ana, namwa okha. Anamwalira ndisanapepese. Choncho pamene mphwanga ankaseka, ine ndinkamva mawu anga omwe a zaka 40 zapitazo. Lero kampani ija inagulidwa ndi a Castel a ku France mu 2016, ndipo Green yemweyo mphwanga akumutcha mowa wa madala. Fashoni ndi mmene imayendera.

Tsono tiyeni tione phala lovundalo. Amene sanaonepo mayi akufulula amayesa ndi ntchito yamasewera. Amayamba ndi kunyika mawere kapena chimanga, nkufunditsa kuti zimere, nkuyanika, nkugayitsa kuti apeze chimera. Amaphika phala la mgaiwa mumgolo, nkulidikira kuti lizizire kufika pa mlingo wake, chifukwa ukathira chimera likadali lotentha kwambiri wachipha, ndipo ukachedwa sichigwira ntchito. Alibe chida choyezera kutentha, chala chake ndicho chida. Mawa lake amawiritsanso, ndipo amene akufuna thobwa amatungira pamenepo. Wotsalayo amausiya kuti uwire wokha, kuuonjezera chimera, kuusefa, mpaka pafupifupi sabata yathunthu. Akalakwitsa tsiku limodzi, ufa, nkhuni ndi thukuta zonse zapita. Kuwawasa kwake si kuvunda ayi, ndi kofanana ndi kwa chambiko, ndipo ndi kumene ife okonda masese timafuna. Ukadakhala wachabe, bwenzi makampani asakuutsanzira. Chibuku, amene anayambira ku migodi ya ku Zambia m'zaka za m'ma 1950, ndi mowa womwewu wa makolo woikidwa m'katoni.

Ndipo pali china chimene mphwanga waiwala, koma ine sindingaiwale chifukwa ndinkalemba malisiti. Maphunziro aulere a pulayimale anabwera mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litalowa. Izi zisanachitike ana ankalipira fizi, ndipo ine ndi amene ndinkalandira. Malo olima kuno ndi ochepa, popeza nthaka yabwino yambiri ili pansi pa tiyi chiyambire nthawi ya atsamunda. Esiteti ya Satemwa yokha ndi ya 1923. Ntchito yothyola tiyi imachuluka nyengo ya mvula, nkuchepa chilimwe. Nanga mayi wamasiye ndalama ya fizi akanaipeza kuti? Ndalama zambiri zimene zinkafika patebulo panga zinali timakobiri tomangidwa pa nsonga ya chitenje, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti tachokera kumbiya. Mphwangayu kusekondale anapita ndi ndalama za mbiya zomwezo anazilozazo. Ngakhale ya basi yopitira ku Joni, mayi ake anafulula kawiri. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Atandiuza mtengo wa botolo limodzi la mowa wakewo ndinawerengera m'makwacha, ndipo ndinaona kuti mayi wothyola tiyi akhoza kuweramira dengu tsiku lonse kuti agule kuwawa kumeneko.

Tsopano kwa inu abusa ndi ansembe. Sindikufuna kukangana nanu pa chiphunzitso. Abale athu a ku Malamulo, amene ali pa Makwasa chiyambire 1902, amaphunzitsa kuti mowa wonse usakhudzidwe, ndipo ine ndimawalemekeza chifukwa lamulo lawo siliona nkhope ya botolo. Mipingo ina imalola pang'ono, ina imaletsa, zimenezo ndi zanu. Chimene chimandipweteka ndi tsankho. M'midzi muno ndaona mayi wofulula masese akuimitsidwa pa mgonero ndi kuvulidwa yunifolomu ya amayi, chifukwa utsi wa mgolo wake umaonekera kwa aliyense. Koma bambo wa galimoto amene amamwera wa m'mabotolo m'tauni, kuseri kwa mpanda, Lamulungu amakhala pa benchi ya kutsogolo, mwinanso ndiye msungichuma. Kodi kuledzera kwa m'botolo ndi kopatulika? Ngati mowa ndi tchimo, ukhale tchimo kwa onse awiri. Pamene mukulanga wosauka yekha, mukuphunzitsa ana athu phunziro lomwe lija la mphwanga, loti choipa si kuledzera koma umphawi.

Komanso pamene ife tikukangana za masese ndi hops, chimene chikutha anyamata athu ndi china. Zaka zanga zomaliza pa ntchito ndinkalanda timasacheti ta mowa waukali m'matumba a ana a Sitandade 7. Boma linaletsa masacheti mu 2015, koma mowa wa mtundu womwewo unangosamukira m'timabotolo ting'onoting'ono, ndipo kachasu sanasiye kutchezedwa. Pitani pa misika ya pafupi ndi maesiteti tsiku la malipiro mukaone anyamata a zaka 20 atatupa masaya ndi mapazi. Umenewo sawumwera kukoma kapena kuwawa, amaumwera kuti agwe msanga ndi ndalama yochepa. Masese amakhutitsa munthu asanafike pamenepo, ngakhale sindikana kuti nawonso aphwasula mabanja a anthu osadziletsa. Ulaliki wanu ukanalimbika kwambiri pa timabotoloto, ine ndikanaimba nawo m'manja.

Mwina ena ati mkuluyu wakalamba, akudana ndi zatsopano. Iyayi. Mphwanga amwe IPA wake, ndalama ndi zake, lilime ndi lake, ndipo akabweranso ndidzamupezera mpando ndi kapu. Chimene ndikukana ndi choti chimene chakomera iye chikhale muyeso woyezera nzeru za ena, mpaka kuchititsa manyazi mayi wobereka pamaso pa akuchimuna. Ndinamuitanira pambali asanabwerere ndipo ndinamuuza nkhani ya bambo anga ndi chipanda chija. Anangoti wamva, osaonjezera kanthu.

Mlongo wanga wanena kuti sadzafululanso pa mwambo uliwonse wa ana ake. Ndikuyesetsa kumunyengerera, ndipo ndamutumizira kale ndowa ya mawere kuti atikonzere wa pokolola. Sanandiyankhe, koma mawerewo sanabweze. Mabotolo anayi a mowa wowawa uja anatsala, ali pansi pa bedi langa. Ngati alipo mwa awerengi amene lilime lake limagwirizana nawo, abwere adzatenge ulere, bola asadzanyoze chimene adzandipeze ndikumwa.

Ine wanu,

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Thyolo.